Mwakonza Dzulo, Lero Zabwereranso: Kusaka Chimene Chikusintha Makompyuta Anu

Lolemba m'mawa wina akuimba foni kuti sakutha kulowa mu seva. Mwalowa inu, mwapeza mzere umodzi wolakwika mu fayilo ya makonzedwe, mwaukonza, zonse zayenda, mwathokozedwa. Lachitatu foni yomwe ija yaliranso. Kutsegula fayilo ija, mzere uja wabwerera mmene unalili, ngati kuti simunaukhudze n'komwe. Mwakonzanso. Lachisanu, chimodzimodzi.

Vutoli lili ndi mng'ono wake amene amatulukira nthawi yowerenga katundu. Kaundula akuti laputopu yakutiyakuti ili ndi munthu amene anasiya ntchito kalekale. Pa netiweki pali makina oyaka bwinobwino koma mwini wake sakudziwika. Kompyuta imodzi yalembedwa katatu, ina sinalembedwe ngakhale kamodzi. Ambiri amaziona ngati nkhani ziwiri, yoyamba ya osamalira maseva, yachiwiri ya osunga katundu. Kwa ine nthenda ndi imodzi. Kompyuta iliyonse imakhala ndi mbiri zitatu: zimene kaundula akunena, zimene munafuna kuti zikhale, ndi zimene zilipodi pa makinawo pakali pano. Zitatuzi zimapatukana pang'onopang'ono, ndipo zikatero anthu a ntchitoyi amati kwachitika configuration drift. Kukonza pa makina pokha sikuchiza, chifukwa chimene chikubweretsa kusiyanako chikadali pomwepo, chikungodikira nthawi yake.

Yambani ndi wotchi

Fayilo ikabwerera, musathamangire kuikonza. Mtima umafuna kuti anthu asiye kuimba foni msanga, koma mukangokonza mwafufuta mapazi a chimene mukusaka. Koperani fayilo yolakwikayo pambali, kenako pa Linux lembani `stat` ndi dzina la fayiloyo. Muona tsiku, ola ndi mphindi imene inalembedwa komaliza. Sungani nthawiyo penapake, ndiye mukonze. Ikabwereranso, onaninso nthawi. Fayilo sidzilemba yokha. Pali munthu kapena pulogalamu imene ikuilemba, ndipo mapulogalamu ambiri amalemba pa nthawi yoikika, moti mpata wa pakati pa nthawi ziwirizo umakutchulirani dzina la wolakwa.

Ngati zanu sizikhalitsa kupitirira mphindi 30, kayikirani Puppet, chida choyendetsera makonzedwe a makina ambiri kuchokera pamalo amodzi. Agent yake, pulogalamu yaing'ono yokhala pa makina aliwonse, ngati palibe anaisintha, imadzuka pa mphindi 30 zilizonse, kufunsa ku seva yaikulu mmene makinawo ayenera kukhalira, n'kubweza chilichonse chimene chapatuka. CFEngine, gogo wa zida zonsezi amene Mark Burgess anayambitsa mu 1993, ndiye sachedwa n'komwe: mphindi 5 zilizonse. Ansible ilibe agent, imadikira kuti wina aiyendetse. Choncho ngati zikubwerera usiku uliwonse pa ola lomwelomwelo, suzumirani mu zida zoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, monga cron ndi ma timer a systemd, kapena pa seva imene imayendetsa ma playbook, mafayilo a malangizo a Ansible.

Pa Windows wokayikiridwa woyamba ndi Group Policy, malamulo a makonzedwe amene amatumizidwa ku makompyuta a mu domain, kutanthauza gulu la makompyuta loyendetsedwa kuchokera pa seva. Kompyuta ya mu domain imafunsa malamulo ake pa mphindi 90 zilizonse, kuwonjezerapo mphindi zina zosapitirira 30 kuti makompyuta onse asafunse nthawi imodzi. Makonzedwe a chitetezo amabwezeretsedwanso pa maola 16 aliwonse ngakhale pasakhale chosintha, n'chifukwa chake zina zimakhala tsiku lonse bwinobwino n'kudzasowa m'mawa mwake. Lembani `gpresult /h lipoti.html`, mutsegule lipotilo. Pa chinthu chilichonse likuonetsani GPO, kutanthauza mpukutu wa malamulo a Group Policy, imene yapambana. Malamulowa amawerengedwa motsatana, kuyambira a pa kompyuta pomwepo, kenako a site, a domain, n'kumalizira a OU (kagulu ka m'kati mwa domain), ndipo wolankhula pomaliza ndiye amamveka, pokhapokha ngati wina kumtunda anaika Enforced.

Zidazi sizikulakwa ayi. Wina anaziuza kuti mzere uja uzikhala choncho, ndipo inu mukulimbana ndi wantchito wokhulupirika amene satopa, sagona. Pitani kumene akutenga malangizo mukasinthe komweko. Kumugoneka kaye ndi `puppet agent --disable` pamene mukufufuza n'kololedwa, koma lembanipo chifukwa chake, poti lamuloli limalola kuwonjezera uthenga, ndipo mukamaliza mudzutseni. Agent yozimitsidwa n'kuiwalidwa ndiyo imabala seva yosiyana ndi zinzake chaka chamawa.

Pali mtundu wina umene wotchi sigwira: zinthu zimasowa makina akangozima n'kuyakanso. Apa palibe amene akufufuta. Inu ndi amene simunasunge. Zimene mwalemba ndi `sysctl -w`, `ip addr add` kapena `iptables` zimakhala mu memory basi, mpaka mutazilemba mu fayilo yoyenera. Pa switch ndi rauta za Cisco pali running-config, imene ikugwira ntchito pano, ndi startup-config, imene idzawerengedwe poyaka. Popanda `copy running-config startup-config`, ntchito yanu yonse ili pa mphepo.

Ine izi ndinaziphunzira mowawa. Pamalo pena pamene ndinkagwira ntchito, usiku wina ndinasamutsira ma port angapo a switch ku VLAN ina (chigawo china cha netiweki), ndinaona kuti zonse zikuyenda, n'kupita kukagona. Panadutsa miyezi. Tsiku lina magetsi anazima nthawi yaitali mpaka UPS kutheratu mphamvu, ndipo switch ija inadzuka ndi makonzedwe akale. Mafoni ndi maprinta a chipinda chonse zii. Tinatha theka la tsiku tikusintha mawaya abwinobwino, ine mwini mlandu ndili pakati pawo, ndikuthandiza nawo kusaka, nditaiwaliratu zimene ndinachita. Chinandikumbutsa ndi kapepala kamene ndinamata mkati mwa chitseko cha kabati usiku uja.

Fayilo imene imavutitsa anthu ambiri pa Linux ndi `/etc/resolv.conf`. Mumalembamo DNS yanu (seva yomasulira mayina kukhala ma adiresi), koma DHCP, imene imagawa ma adiresi pa netiweki, ikangopereka adiresi mwatsopano zonse zapita. Werengani mizere yoyambirira ya fayiloyo. Kawirikawiri imadziulula yokha kuti yalembedwa ndi NetworkManager kapena systemd-resolved, ndipo `ls -l` ikuonetsani ngati ili chabe ulalo wopita ku `/run`. Chizolowezi chowerenga mutu wa fayilo musanaikhudze chimapulumutsa kwambiri. Mukapeza mawu oti Ansible managed, dziwani kuti mukulemba pa mchenga. Pa maseva a mu cloud, cloud-init, chida chokonza makina akamayaka, nayo imatha kulembanso dzina la makina, `/etc/hosts` ndi makonzedwe a netiweki.

Ngati vuto limadza mukangoika ma update, sakani mu `/etc` mafayilo othera ndi `.rpmsave`, `.rpmnew`, `.dpkg-old` kapena `.dpkg-dist`. Mukapeza `.rpmsave` kapena `.dpkg-old`, ndiye kuti fayilo yanu inakankhidwira pambali, yatsopano n'kukhala pamalo pake. Mukapeza `.rpmnew` kapena `.dpkg-dist`, yanu inasiyidwa, koma mwina ikusowa mizere imene pulogalamu yatsopanoyo ikufuna.

Zonsezi zikakanika, tcherani msampha. Pa Linux:

`auditctl -w /etc/ssh/sshd_config -p wa -k msampha`

Fayilo ikasinthanso, `ausearch -k msampha` ikuuzani pulogalamu imene yalemba, nthawi yake, ndi auid, kutanthauza munthu amene analowa poyamba ngakhale atabisala kumbuyo kwa sudo. Msamphawu nawo umasowa makina akayakanso, pokhapokha mutaulemba mu `/etc/audit/rules.d`. Pa Windows, Process Monitor ya Sysinternals imagwira ntchito yomweyi pa mafayilo ndi pa registry. Koma ngati nonse mumalowa ndi akaunti imodzi ya root kapena Administrator, msamphawo ungokugwirirani dzina la aliyense. Limenelo ndi vuto loti mulikonze sabata ino.

Fayilo ili bwino, koma makina akuchita zawozawo

Nthawi zina palibe chimene chabwerera. Mzere wanu ulipo, koma pulogalamu sikuumvera. Poyamba dzifunseni ngati munaiuza kuti iwerengenso fayiloyo, chifukwa mapulogalamu ambiri amawerenga poyamba pokha. Ngati munatero, ndiye kuti pali fayilo ina imene ikulankhula mokweza kuposa yanu.

Chitsanzo chodziwika ndi SSH, njira yolowera mu seva muli kutali. Pa Debian ndi Ubuntu atsopano, pamwamba pa `sshd_config` pali mzere woitana mafayilo onse a mu `/etc/ssh/sshd_config.d`. Ndipo sshd, pulogalamu ya SSH ya pa seva, imatenga mawu oyamba kuwapeza, otsatira imangowadumpha. Mukalemba `PasswordAuthentication no` m'munsi mwa fayilo yaikulu, pomwe kafayilo ka cloud-init m'kati muja kakuti yes, khomo la pasiwedi likadali lotsegula inu mukuganiza kuti mwakhoma. Mu `/etc/sysctl.d` zimayenda mosemphana: womaliza ndiye amapambana. Musamaloweze pamtima malamulo onsewa, funsani pulogalamuyo zimene ikutsatira. `sshd -T` imasindikiza makonzedwe enieni a SSH, `nginx -T` a nginx, `systemctl cat` imaonetsa unit pamodzi ndi tizigamba tonse timene anthu anasokererapo, ndipo `systemd-delta` imatchula mafayilo a makonzedwe a systemd amene aphimbidwa kapena kuwonjezeredwa ndi mafayilo ena.

Seva imodzi pakati pa zinzake

Chizindikiro chake ndi vuto lobwera mwa apo ndi apo. Munthu akuti tsamba lakana, mukayesa inu latseguka. Ngati kumbuyo kwa load balancer, chida chogawira maseva ntchito, kuli maseva anayi ndipo kukanako kukuchitika pafupifupi kamodzi pa kanayi, musavutike ndi netiweki. Imodzi mwa anayiwo yasiyana ndi zinzake.

Musachipeputse chinthu chimenechi. Pa 1 August 2012, kampani yogulitsa masheya ya ku America, Knight Capital, inayamba tsiku ndi pulogalamu yatsopano imene inakoperedwa pa maseva 7 mwa 8. Yachisanu ndi chitatu inaiwalidwa, ndipo panalibe munthu wachiwiri woonanso ntchitoyo. Pa seva yoiwalidwayo panali pulogalamu yakale yotchedwa Power Peg, imene inasiya kugwiritsidwa ntchito zaka zambiri m'mbuyomo koma osachotsedwa. Chizindikiro chimene chinayenera kudzutsa pulogalamu yatsopano chinadzutsa yakaleyo. M'mphindi pafupifupi 45 kampaniyo inataya madola oposa 440 miliyoni. Chowawitsa n'chakuti pofuna kukonza, anachotsa pulogalamu yatsopano pa maseva 7 abwino aja, moto n'kukula. Anakonza asanadziwe seva imene inali yosiyana.

Njira yachidule yopezera yosiyanayo ndi kuyerekeza zidindo za mafayilo. Yendetsani `sha256sum` pa fayilo yomweyo pa seva iliyonse. Imene yatulutsa nambala ina ndi imeneyo, ndipo `diff` ikuonetsani mzere wake. Chitaninso chimodzimodzi ndi mndandanda wa mapulogalamu, `rpm -qa` kapena `dpkg -l`, mutausanja kaye ndi `sort`. `rpm -Va` ndi `dpkg --verify` zimatchula mafayilo amene asiyana ndi mmene anabwerera mu phukusi.

Ngati muli ndi zida zoyendetsera makonzedwe, zifunseni popanda kuzilola kusintha kanthu: `ansible-playbook site.yml --check --diff`, `puppet agent --test --noop`, kapena `terraform plan`. Koma zikanena kuti zonse zili bwino musadumphe ndi chimwemwe. Zimaona zokhazo zimene munaziuza. Fayilo imene wina anawonjezera ndi manja, imene playbook siidziwa, ikhala pomwepo osatchulidwa. Komanso Ansible ikakhala pa `--check` imadumpha ntchito zambiri zolembedwa ndi shell kapena command.

Mukaipeza seva yosiyanayo, imani kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwina iyo ndiyo yolondola. Zimachitika kuti wina anakonza vuto lenileni pa seva imodzi pakati pa usiku, n'kuiwala kukalemba ku gwero. Mukaifananiza ndi zinzake mwakhungu, mwaukitsa vuto limene linaikidwa kale m'manda. Funsani chifukwa cha mzere uliwonse wosiyana, ndiye musankhe mbali imene ipite ku gwero.

Kuti tsiku lina musadzasowe mbiri, ikani etckeeper, kachida kakang'ono kamene kamasunga `/etc` yonse mu Git, chida chosunga mbiri ya mafayilo, n'kumalemba kusintha tsiku lililonse komanso nthawi iliyonse mwaika pulogalamu. Pa ma switch ndi marauta, Oxidized kapena RANCID imatenga makonzedwe pafupipafupi n'kukuonetsani chimene chasintha. Ikanakhalapo nthawi ija, theka la tsiku lija likanakhala mphindi zisanu.

Kaundula wosagwirizana ndi zimene zili pa tebulo

Pa kaundula aliyense wosokonekera ndimayamba ndi funso limodzi: kompyuta mumaizindikira ndi chiyani? Ngati yankho ndi dzina lake, IP (adiresi ya pa netiweki) kapena MAC (nambala ya khadi la netiweki), gwero la chisokonezo lapezeka kale.

Dzina limasintha mukaikanso Windows kapena mukapatsa kompyutayo munthu wina. IP ndi yobwereka; DHCP ya Windows Server, ngati sinasinthidwe, imabwereketsa kwa masiku 8, kenako adiresiyo itha kupita kwa wina. MAC inkaoneka ngati yodalirika, koma laputopu imodzi ili ndi ya waya ndi ya Wi-Fi, ndipo docking station kapena kachingwe ka USB kolumikizira netiweki kali ndi yakeyake, imene imatsatira aliyense wokhala pa tebulo limenelo. Kuyambira Android 10 ndi iOS 14, mafoni amadzipekera MAC ina pa Wi-Fi iliyonse, ndipo Windows nayo imatha kutero. N'chifukwa chake foni imodzi imaoneka ngati gulu la anthu.

Chogwira ndi serial number ya wopanga, pamodzi ndi sitika ya nambala yanuyanu yomata pa chipangizocho. Pa Windows itengeni ndi `Get-CimInstance Win32_BIOS`, pa Linux ndi `dmidecode -s system-serial-number`, pa Mac ndi `system_profiler SPHardwareDataType`. Nayo ili ndi maenje ake. Makompyuta olumikiza ziwalo pamanja kawirikawiri amayankha kuti To Be Filled By O.E.M. kapena Default string, ndipo chida chanu chikakhulupirira zimenezo chiphatikiza makompyuta khumi kukhala imodzi. Motherboard ikasinthidwa, nambala itha kusowa kapena kusintha. Polemba ndi manja, O ndi 0, I ndi 1 zimasokonezana. Kachida kowerenga barcode kamathetsa mkanganowo.

Ndiye pali Excel. Imadula ziro wa kumayambiriro, nambala yokhala ndi E pakati imaisandutsa masamu, ndipo imasunga manambala 15 okha, otsalawo n'kuwasandutsa ziro. Nambala ya SIM khadi, imene imakhala ndi manambala 19 kapena 20, imafera pomwepo osabwereranso. Musanalembe kapena kulowetsa fayilo ya CSV, uzani Excel kuti mzati wonsewo ndi Text.

Makina a virtual opangidwa pokopera ali ndi matenda awoawo. Chikombole chimene mukukopera chikakhala ndi `/etc/machine-id`, ana onse amabadwa ndi nambala imodzi. Pa Ubuntu, systemd-networkd imagwiritsa ntchito nambala imeneyi pofunsa DHCP, moti makina awiri osiyana amatha kupatsidwa IP imodzi n'kumalandana. Mu kaundula amaoneka ngati kompyuta imodzi yosintha dzina tsiku lililonse. Konzani pa chikombole: tsanulani zam'kati mwa fayiloyo ndi `truncate -s 0 /etc/machine-id`, chotsaninso makiyi a SSH a makinawo, ndi nambala za ma agent onse. Pa Windows ntchitoyi ndi ya `sysprep /generalize`.

Mukakhazikitsa chozindikirira, sonkhanitsani mindandanda itatu. Woyamba ndi wa zogulidwa, wochokera ku malisiti ndi kwa osunga katundu. Wachiwiri ndi wa zimene zimadzilengeza zokha: Active Directory (kaundula wa maakaunti a mu domain ya Windows), zida zoyang'anira zipangizo monga Intune ndi Jamf, kapena seva ya antivirus. Wachitatu ndi wa zimene netiweki yaona, kuchokera ku DHCP, ku ARP ndi ku ma switch. Iyaleni pambali pa inzake. Zopezeka monse zisiyeni, ntchito ili pa zoperewera. Chimene chinagulidwa koma sichikuoneka kwina kulikonse, mwina chili mu dirowa, mwina chinapita ndi munthu, mwina ndi monita imene sidzaoneka pa netiweki mpaka kale; chimenecho chimafuna miyendo ndi maso. Chimene chili mu Active Directory koma osati mu antivirus n'chamaliseche, chivekeni lero.

Pa Active Directory pomwepa, chenjerani ndi `lastLogonTimestamp`, yosonyeza nthawi imene kompyuta inalowa komaliza. Imachedwa dala mpaka masiku 14, choncho kompyuta yooneka ngati yakhala chete sabata imodzi itha kukhala ikugwira ntchito pompano. Ine ndimayamba kukayikira pakadutsa masiku 90. Ndipo musafufute nthawi yomweyo. Ikani akaunti ya kompyutayo pa disable, isamutsireni ku OU yapadera, dikirani. Makiyi otsegulira BitLocker (loko wa disiki) ndi pasiwedi ya LAPS (ya Administrator wa pa kompyutayo) zimasungidwa pa akaunti imeneyo. Mukaifufuta, laputopu ija n'kutulukira mwezi wamawa m'chikwama cha munthu amene anali pa tchuthi chachitali, mutha kupezeka mulibe chotsegulira.

Gulu loopsa kuposa onse ndi la zooneka pa netiweki zokha, zimene palibe mndandanda wina ukuzidziwa. Tengani MAC yake. Magawo atatu oyamba, ngati si yopeka, amasonyeza kampani yopanga malinga ndi kaundula wa IEEE, ndipo apo pokha mudziwa ngati ndi printa, kamera kapena rauta ya munthu. Pa switch, `show mac address-table` ikuuzani port yake. Kuchokera apo londolani waya ndi dzanja. Nmap imathandiza, `nmap -sn` pa chiyambi, koma pemphani chilolezo cholembedwa, ndipo muyende mofatsa pamene pali makina a m'fakitale kapena a m'chipatala, chifukwa ena amakomoka akangofunsidwa mafunso ambiri.

Wina atha kuona ngati zonsezi n'zongosangalatsa owerengera chuma. Mu March 2017 kunatuluka chigamba chotseka chibowo chachikulu cha chitetezo mu Apache Struts, pulogalamu yomangira masamba a pa intaneti. Kampani ya ku America yosunga mbiri za ngongole za anthu, Equifax, inatumiza uthenga kwa antchito ake kuti chiikidwe pasanathe maola 48, koma tsamba limodzi lolandirira madandaulo linatsala, ndipo kusaka kumene anachita sikunalipeze. Akuba analowera pomwepo kuyambira mu May mpaka kumapeto kwa July, n'kutenga mbiri za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Ofufuza a nyumba ya malamulo ya dzikolo anatchula kusowa kwa kaundula wathunthu wa zida ndi mapulogalamu ngati chimodzi mwa zifukwa. Mu December 2021 chibowo cha Log4j, kachidutswa kopezeka m'kati mwa mapulogalamu ambiri, chitadziwika, funso limene linagonetsa anthu mu ofesi silinali la kuika chigamba. Linali lakuti Log4j tili nayo pati. Sizodabwitsa kuti pa mndandanda wa malangizo a chitetezo wotchedwa CIS Controls, mfundo yoyamba ndi kaundula wa zida, yachiwiri kaundula wa mapulogalamu. Choncho wanu asathere pa zitsulo. Azinenanso zimene zikuyenda m'katimo. Chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 October 2025, ndipo ngati simungayankhe pa mphindi imodzi kuti yatsala pa makompyuta angati, kaundula wanu akukubisirani mawu.

Kuti zisabwererenso

Makonzedwe akhale ndi kwawo kumodzi, ndipo masiku ano kwawoko ndi Git. Chosintha chilichonse chiyambire kumeneko, munthu wachiwiri achione, ndiye chipite pa makina. Lamulo loletseratu kukhudza seva ndi manja silikhalitsa, chifukwa zinthu zikaphulika usiku aliyense alowa n'kukonza, ndipo akhala atachita bwino. Limene limagwira ndi ili: wakonza pa makina usiku, pofika masana a tsiku lotsatira zikhale zili mu Git. Kenako yendetsani `--check --diff` usiku uliwonse, koma uthenga ubwere pokhapokha papezeka kusiyana. Lipoti lobwera tsiku ndi tsiku lonena kuti zonse zili bwino anthu amasiya kuliwerenga sabata yachiwiri. Mapasiwedi ndi makiyi asalowe mu Git ali poyera. Atsekeni ndi Ansible Vault kapena chida china chotere. Git siiwala, ndipo pasiwedi imene inalowamo kamodzi iyenera kusinthidwa ngakhale mutaifufuta.

Kaundula naye asamadikire kalembera wa pa chaka. Azisintha pamene chinthu chikusintha manja: chikafika, chikaperekedwa, chikabwezedwa, chikatayidwa. Zimene makina angathe kunena okha, monga RAM, mtundu wa Windows ndi tsiku limene anaoneka komaliza, musazilembe ndi manja. Munthu alembe zokhazo zimene makina sangadziwe: mwini wake ndani, chili kuti, ntchito yake n'chiyani. Mizati ikachuluka anthu amadzazamo mabodza kuti amalize msanga. Snipe-IT, GLPI ndi NetBox zonse ndi zaulere ndipo n'zabwino, koma kusamutsira kaundula wovunda mu chida chatsopano kumangokupatsani zovunda zokongola.

Chimene ndaona kuti chimasungadi kaundula wamoyo n'kumupatsa ntchito. Ansible izitenga mndandanda wa maseva kuchokera mwa iye, chida choyang'anira maseva ndi cha bakapu chimodzimodzi. Zikatero, seva yosalembedwa silandira makonzedwe, siyang'aniridwa, ndipo mwini wake abwera yekha kudzailembetsa. Kaundula amene palibe chomudalira amangowola osamveka fungo.

Potaya chinthu, tsatirani mizu yake yonse. Disiki ifufutidwe moyenera, ndipo NIST SP 800-88 imafotokoza njira zake. Laisensi ibwerere, dzina lichoke mu Active Directory, mu bakapu ndi mu DNS. Dzina la DNS lotsala likulozabe ku malo a mu cloud amene munabweza, munthu wina atha kutenga malowo n'kuyamba kulankhula m'dzina lanu.

Tsono yatsala seva ija, imene yapezeka pansi pa tebulo kapena pakona ya kabati, ikuthwanima, palibe akuivomera. Musaizimitse. Makina akale amene akhala akuyaka zaka zambiri nthawi zina akazima disiki yake sidzukanso. Onani kaye amene akulankhula nayo ndi `ss -tunap`, werengani cron yake, tengani bakapu yonse, muyese ngati bakapuyo ikutseguka. Lengezani kwa onse tsiku limene mudzaichotse. Tsikulo likafika, zulani waya wa netiweki wokha, magetsi asiyeni, ndipo pa wayapo mumatepo kapepala kokhala ndi tsiku ndi dzina lanu. Dikirani mpaka mwezi uthe, chifukwa ntchito zina, monga za malipiro, zimadzuka kamodzi pa mwezi. Ngati mukukayikira kuti ikukhudza malipoti a miyezi itatu, dikirani yonse itatu. Wina akalira, bwezerani waya, mufunse dzina lake, mulilembe mu kaundula pa mzati wa mwini.